Ndalama za fizi zikamatha temu isanathe: mofufuzira ndi mokonzera vutoli pa sukulu ya pulayiveti

Vutoli limabwera mofanana chaka ndi chaka, ndipo eni masukulu a pulayiveti muno mu Chipata, ku Katete, ku Petauke mpaka ku Lundazi amalidziwa bwino. Sabata ziwiri zoyambirira za temu pa ofesi pamakhala mzere wa makolo, ndalama zimalowa, aphunzitsi n'kulandira malipiro pa tsiku lake. Mwezi wachiwiri malipiro amachedwa, ena amapatsidwa theka. Mwezi wachitatu mwini sukulu amayamba kuzemba foni ya ahedi. Pa holide aphunzitsi amangouzidwa kuti apirire, ndipo temu yatsopano ikatsegulidwa, fizi yoyamba kulowa imapita kukabweza ngongole za temu yatha. Sukulu imakhala yodzaza ana, mayeso akukhoza bwino, koma nthawi zonse ili m'mbuyo ndi temu imodzi.

Ambiri amathamangira kunena kuti makolo salipira. Mbali ina n'zoona, ndipo tifikako. Koma musanatume mlonda kukaima pa geti kubweza ana, yambani mwafufuza mu ofesi mwanu momwemo, chifukwa kawirikawiri vutoli limabadwira mmenemo.

Temu ili ndi miyezi inayi, osati itatu

Ana amakhala m'kalasi pafupifupi sabata 13 pa temu, ndiye mtima umawerenga miyezi itatu. Koma chaka chili ndi miyezi 12, ndipo fizi imalowa katatu kokha. Mphunzitsi amadya ndi kulipira lendi mu Epulo, mu Ogasiti ndi mu Disembala monga miyezi ina yonse. Choncho fizi ya temu iliyonse iyenera kunyamula miyezi inayi.

Tengani pepala muchite masamu awa ndi manambala a sukulu yanu. Pano ndingoyerekeza. Tinene kuti muli ndi ana 200 ndipo fizi ndi K900 pa temu. Pamtima mumadziuza kuti muli ndi K180,000. Tsopano chotsanipo ana amene salipira konse: a aphunzitsi, a abale anu, ana amasiye amene munawalandira mwachifundo. Tinene kuti alipo 20. Zatsala K162,000. Chotsaninso gawo limene mukudziwa kuti sililowa temu isanathe, mwina kwacha imodzi pa makwacha khumi alionse. Zatsala K145,800. Mukagawa pa miyezi inayi, mwezi uliwonse muli ndi K36,450 basi.

Mbali inayi, tinene kuti aphunzitsi ndi khumi, aliyense K2,500, pamodzi K25,000. Mlonda, wosesa ndi wa mu ofesi onse pamodzi K5,000. Pa K30,000 imeneyi olemba ntchito amawonjezera 5 peresenti ya NAPSA (thumba la penshoni), imene ndi K1,500, ndi 1 peresenti ya NHIMA (inshuwalansi ya zaumoyo), imene ndi K300. Zakwana K31,800. Ndiye mwatsala ndi K4,650 yoti mulipire lendi, magetsi, madzi, choko, mapepala a mayeso ndi kukonza zimbudzi. Sitinawerengenso gratuity, ndalama imene wantchito amapatsidwa pakutha kwa kontirakiti. Lamulo la Employment Code la 2019 limati wantchito wa kontirakiti ya nthawi yoikika yopitirira miyezi 12 alandire gratuity yosachepera 25 peresenti ya malipiro ake enieni kontirakiti ikatha. Pa aphunzitsi khumi aja, ndiye K6,250 mwezi uliwonse imene iyenera kusungidwa pambali. Eni masukulu ambiri amaikumbukira tsiku limene mphunzitsi wabwera ndi kalata yochokera ku ofesi ya za ntchito.

Masamu anu akatuluka chonchi, palibe wakuba pa sukulu panu. Sukuluyo ikungowononga zambiri kuposa zimene ikupeza, ndipo kusonkhanitsa fizi mwamphamvu sikungaipulumutse. Yang'anani kalasi iliyonse payokha. Kalasi ya ana asanu ndi awiri olipira K900 imabweretsa K6,300 pa temu, pamene mphunzitsi wake yekha amadya K10,000 pa miyezi inayi. Kalasi yotere ikudyera makalasi anzake. Izi zimachitika kwambiri sukulu ya pulayimale ikafulumira kutsegula sekondale, kumene phunziro lililonse limafuna mphunzitsi wakewake, komanso labu ndi makompyuta. Kuimitsa kaye sekondale mpaka pulayimale italimba kumapweteka mtima, koma kuli bwino kusiyana ndi kumiza zonse ziwiri.

Masamu akukwana, koma ndalama kulibe

Ngati papepala zikukwana koma ku banki kuli mbee, ndalama zikutuluka pena pake. Malo oyamba kuyang'ana ndi pakati pa dzanja la kholo ndi akaunti ya sukulu.

Tengani zinthu zitatu za mwezi umodzi: buku la malisiti, sitetimenti ya ku banki ndi ya mobile money, ndi kaundula wa ana a kalasi iliyonse. Sankhani ana khumi mwachisawawa, mutsatire ndalama ya aliyense kuchokera pa lisiti mpaka pa sitetimenti. Mukapeza mwana amene kholo lake lili ndi lisiti koma ndalamayo sioneka ku banki, kapena mabuku a malisiti awiri akugwira ntchito nthawi imodzi, kapena masamba othothoka, mwapeza pobowoka. Musafulumire kuloza chala a bursar, osunga ndalama za sukulu. Nthawi zambiri ndalamazo zinatengedwa kukagula choko kapena mafuta a basi zisanafike ku banki, ndipo palibe amene analemba.

Kukonza kwake n'kosavuta. Makolo azilipira ku akaunti ya sukulu, kaya ku Zanaco, ku Natsave kapena banki ina iliyonse, kapena pa nambala ya Airtel Money kapena MTN MoMo yolembedwa m'dzina la sukulu. Nambala ya munthu payekha, ngakhale yanu, isalandire fizi. Kholo lobwera ndi ndalama pamanja lilandire lisiti ya nambala, ndipo ndalamazo zikalowe ku banki tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake zonse, osachotsapo kanthu. Zogula zing'onozing'ono zikhale ndi kathumba kake kodziwika. Amene amalandira ndalama asakhalenso amene amafananitsa mabuku. Lachisanu lililonse munthu wachiwiri aziyang'ana.

Ndalama za yunifomu, za basi, za chakudya ndi za mayeso zisasakanizidwe ndi fizi. Si zanu, mwangosungitsidwa. Sukulu imene yadya ndalama za mayeso n'kulephera kulembetsa ana ku ECZ, bungwe la mayeso la dziko, pa nthawi yake siidzakhulupiridwanso pa komboni yonse.

Thumba la mwini ndi thumba la sukulu

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pamene masukulu abwino ambiri amafera, ndipo palibe wantchito amene angalimbe mtima kukuuzani.

Sukulu munaiyamba ndi penshoni yanu kapena ndi ndalama za bizinesi yanu. Njerwa munaumbitsa nokha, malata munagula nokha. N'zomveka kuti mukamaona ndalama mu diroo ya ofesi mumaziona ngati zanu. Komanso kwathu kuno munthu amene ali ndi sukulu saloledwa kunena kuti alibe. Kumudzi kukagwa maliro, bokosi ndi galimoto amayembekezera kwa inu. Mwana wa alongo anu akapeza malo ku koleji, amalume ndinu. Novembala akafika, feteleza wa kumunda akufunika. Mumatenga K2,000 lero, K500 mawa, n'kumati ndidzabweza. Palibe amene amalemba, chifukwa ndani angalembe ngongole ya abwana? Pakutha kwa temu, malipiro a aphunzitsi atatu apita mwanjira imeneyi, ndipo inu nomwe simukudziwa kuti anapita bwanji.

Kuti muone kukula kwake, uzani a bursar alembe kwa mwezi umodzi ndalama iliyonse imene inu, akazi anu kapena amuna anu, ndi ana anu mwatenga, ngakhale K50 ya thokotaimu. Nambala imene idzatuluke idzakuuzani zoona.

Mankhwala ake ndi kudziika nokha pa malipiro. Sankhani ndalama imene sukulu ingakwanitse, ilembedwe pa ndandanda ya malipiro pamodzi ndi aphunzitsi, ndipo izituluka tsiku lomwelo limene aphunzitsi akulandira. Aphunzitsi akachedwa, nanunso muchedwe. Maliro, feteleza ndi abale zizichokera m'malipiro anuwo. Phindu, ngati lilipo, limaoneka mu Disembala mabuku atatsekedwa, osati mu sabata yachiwiri ya Januwale. Akaunti ya sukulu ikhale ndi osayina awiri, ndipo wachiwiriyo asakhale wa m'nyumba mwanu. Ngati munalembetsa sukulu ku PACRA, bungwe lolembetsa makampani, ngati kampani, pamalamulo kampaniyo ndi ina, inu ndinu wina, ndipo ndalama zake si zanu mpaka zitaperekedwa kwa inu mwadongosolo.

Chinanso chimene chimayendera limodzi ndi ichi n'chakuti mwini amalanda ntchito ya ahedi. Ahedi auza kholo kuti mwana salowa mpaka theka la fizi litalipiridwa. Madzulo khololo lifika kunyumba kwanu, muli mpingo umodzi, likudandaulirani, inu n'kuti, "Basi, mwanayo abwere mawa." M'mawa ahedi achita manyazi pamaso pa kholo, ndipo pofika sabata yamawa makolo onse adziwa kuti njira yachidule ndi ya kunyumba kwa abwana. Kuyambira pamenepo palibenso lamulo la fizi pa sukulu panu. Chimodzimodzi mukalemba ntchito m'bale wanu amene ahedi sangamudzudzule akachedwa.

Khalani pansi ndi ahedi mulembe pa tsamba limodzi kuti ndani amagamula chiyani. Za m'kalasi, nthawi ya maphunziro, mwambo wa ana ndi kuyang'anira aphunzitsi ndi za ahedi. Kukweza fizi, kumanga, kutenga ngongole ndi kuvomereza bajeti ndi za inu pamodzi ndi bodi. Kholo lofuna kuchepetsedwa fizi lilembe kalata, ndipo yankho lizichokera ku kagulu ka anthu atatu, osati pakhonde panu. Chifundo chisathe, koma chikhale ndi malire olembedwa, monga kunena kuti chaka chino tithandiza ana khumi, ndipo aikidwe mu bajeti.

Bodi ikhale ya anthu otha kukutsutsani. Mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, munthu wodziwa za maakaunti, kholo limodzi losankhidwa ndi makolo anzake. Mu Chipata anthu otere alipo ambiri, ndipo ena angavomere kukumana kamodzi pa temu popanda malipiro. Bodi ya akazi anu, mlamu wanu ndi mwana wanu woyamba ndi msonkhano wa banja chabe.

Tsopano za makolo

Mukatseka mabowo a mkati, otsala ndi makolo amene alidi ndi ngongole. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Fizi imene sinalowe musaiwerengere pogula kapena polonjeza chilichonse.

Makolo a m'chigawo cha kum'mawa sapeza ndalama nthawi imodzi, ndiye kuwapatsa onse tsiku limodzi lomaliza n'kudzivutitsa. Wantchito wa boma amalandira kumapeto kwa mwezi, ndipo angathe kulamula banki kuti izitumiza gawo la fizi mwezi uliwonse. Mayi wogulitsa pa msika wa Kapata kapena pa Saturday Market, ndi bambo wopita kumalire a Mwami kukaoda katundu, amapeza pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Kwa iwo K900 nthawi imodzi ndi yolemera, koma K75 sabata iliyonse pa foni amaikwanitsa. Mlimi ndiye ali ndi kalendala yakeyake. Temu yoyamba imamupeza atathira ndalama zonse ku mbewu ndi feteleza, ndipo Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala. Ndalama amazigwira kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, akagulitsa soya, nshawa, mpendadzuwa, thonje, fodya kapena chimanga, ndipo amene wagulitsa ku FRA, bungwe la boma logula chimanga, amadikira kaye kuti ndalama zilowe. Mlimi wotere mugwirizane naye mu Juni kapena Julayi kuti alipiriretu temu yachitatu ndi gawo la temu yoyamba ya chaka chamawa, mwina mom'chotserako pang'ono. Koma ndalama zolipiriratuzo muziike pa akaunti ina, musazikhudze mpaka temu yake itafika, apo ayi mwangosamutsira dzenje kutsogolo. Ngati muli ndi ana ogonera pompo, chimanga, nyemba ndi nshawa mungalandire m'malo mwa ndalama, pa mtengo wa pamsika wa tsiku limenelo, ndipo lisiti ilembedwe.

Pangano lililonse lilembedwe ndi kusayinidwa mu sabata yoyamba ya temu. Mndandanda wa angongole uziwerengedwa sabata iliyonse, ndipo foni iziimbidwa ngongole ikadali yaing'ono. Kholo la ngongole ya K300 limayankha foni. La K2,700 limasamutsa mwana usiku n'kukamulembetsa kwina.

Kubweza mwana pa geti anzake akuona, kapena kuwerenga mayina a angongole pa asembule, ine ndimakana. Ngongole ndi ya kholo, mwana alibe mlandu, ndipo mwana amene wachititsidwa manyazi saiwala. Ngati zafika poti simungathenso kumusunga, uzani makolo temu isanathe kuti apeze malo kwina nthawi ikadalipo.

Kukweza fizi ndi kuchoka kwa aphunzitsi

Kuyambira Januwale 2022 boma la Zambia linachotsa fizi m'masukulu ake kuyambira ku mkaka mpaka Giredi 12. Ichi chinasintha msika wonse. Kholo lililonse limene likukulipirani lili ndi sukulu yaulere pafupi, ndipo likulipira chifukwa likufuna china: kalasi ya ana ochepa, mphunzitsi amene amapezeka tsiku lililonse, mabuku ochongedwa, mwana wodziwa kuwerenga akadali ku giredi yoyambirira. Mukadzaza ana 60 m'kalasi kuti ndalama zichuluke, mwagulitsa chinthu chokhacho chimene makolo amakulipirirani. Fizi ikafunika kukwera, lengezani temu yathunthu pasadakhale, pamsonkhano wa makolo, mutawaonetsa kumene ndalama zimapita. Kukweza pang'ono chaka chilichonse kumalandirika kusiyana ndi kukhala zaka zitatu osakweza kenako n'kuwirikiza.

Chaka chomwecho cha 2022 boma linalemba ntchito aphunzitsi opitirira 30,000, ndipo lakhala likulembanso ena m'zaka zotsatira. Ambiri mwa iwo ankaphunzitsa m'masukulu a pulayiveti podikira mayina. Simungapikisane ndi malipiro ndi penshoni ya boma, ndipo mphunzitsi amene dzina lake latuluka musamusungire chakukhosi. Chimene mungachite ndi kukonzekera. Dziwani amene analembera ntchito ku boma, apempheni akuuzeni msanga, ndipo makalasi a mayeso asadalire munthu mmodzi. Mapulani a maphunziro ndi zotsatira za ana zizikhala mu ofesi, osati m'chikwama cha mphunzitsi. Omaliza maphunziro ku Chipata College of Education ndi makoleji ena amene akudikira ntchito alipo, choncho sungani mayina a awiri kapena atatu amene munawayesa kale. Aliyense akhale wolembetsedwa ku Teaching Council of Zambia, monga limafunira lamulo la 2013 la ntchito ya uphunzitsi. Kulemba munthu wopanda mapepala chifukwa ndi wotchipa kumaika pachiswe chilolezo cha sukulu yanu oyendera a ku ofesi ya DEBS, yoyang'anira maphunziro m'boma lanu, akabwera.

Koma aphunzitsi ambiri amene amachoka pakati pa temu sapita ku boma. Amapita ku sukulu ina ya pulayiveti ya tsidya la msewu imene imalipira zofanana ndi zanu, kungoti imalipira pa tsiku lake.

Ngati mwamira kale

Musapite kwa a kaloba, obwereketsa ndalama pa chiwongoladzanja chachikulu, kukatenga za malipiro. Chiwongoladzanja cha mwezi umodzi chimadya fizi ya ana ambiri, ndipo temu yamawa mudzafunika kukongola zochulukirapo. Imitsani zomanga zonse, ngakhale buloko yatsala denga lokha. Kumanga ndi ndalama za fizi ya temu imene ili mkati ndiko kumayambitsa ngongole zambiri za malipiro.

Lembani ngongole zonse pa pepala limodzi, zochititsa manyazi zomwe. Kenako itanani aphunzitsi muwauze zoona: tili ndi ngongole yakuti kwa aliyense, malipiro a mwezi uno atuluka pa tsiku lakuti, zotsalira tizibweza mwakutimwakuti mwezi uliwonse. Lonjezani zochepa zimene mungakwanitse. Aphunzitsi amapirira ngongole imene ili ndi tsiku, chimene chimawathawitsa ndi kusauzidwa kanthu kwinaku akuona abwana asintha galimoto.

Ndalama za NAPSA, NHIMA ndi msonkho wa PAYE, wodulidwa pa malipiro n'kupita ku bungwe la misonkho la ZRA, ziyenera kuperekedwa pofika pa 10 mwezi wotsatira. Zimene mwadula pa malipiro a mphunzitsi ndi zake, ndipo kuzigwiritsa ntchito zina ndi kumulanda za ukalamba wake. Zikachedwa pamabwera chindapusa chimene chimakula mwezi ndi mwezi. Ngati muli nazo kale m'mbuyo, pitani nokha ku maofesi awo mu Chipata mukapemphe kulipira pang'onopang'ono asanabwere okha.

Tsiku limene fizi yayamba kulowa, chotsani kaye malipiro a miyezi inayi muwaike pa akaunti yawoyawo, zotsalazo ndiye zigawidwe ku zina. Temu yoyamba simudzakwanitsa miyezi yonse inayi, mwina iwiri yokha, koma yambani pamenepo. Mukatuluka m'ngongole, pitirizani kusunga mpaka mutakhala ndi malipiro a mwezi umodzi kapena iwiri osakhudzidwa. Mu Malichi 2020 masukulu anatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Mu 2024 kolera inachititsa kuti temu yoyamba, imene inayenera kuyamba mu Januwale, itsegulidwe pa 12 Febuluwale, ndipo kumapeto kwa mwezi womwewo Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, kutanthauza kuti alimi ambiri analibe chogulitsa chaka chimenecho. Mu 2025 silabasi yatsopano inayamba, Giredi 8 n'kukhala Fomu 1, ndipo panafunika mabuku atsopano ndi kuphunzitsanso aphunzitsi. Zonsezi zinafuna ndalama pa nthawi imene fizi sinali kulowa bwino, choncho mu bajeti ya chaka chamawa muikemo mzere wa ndalama zosungira, ndipo osayina awiri aja agwirizane polemba kuti zingatulutsidwe pa zifukwa ziti.